Buledi wa Achemwali Anga

Achemwali anga anayamba kugwa khunyu ali kale pabanja, kumudzi kwathu ku Ngauma. Amuna awo, amene analumbira paguwa ku Massangulo kuti adzakhala nawo pamtendere ndi pamavuto, anapita ku Cuamba kukagulitsa fodya. Mpaka lero akugulitsabe.

Mayi atamwalira ndinawatenga achemwaliwo kuti tizikhala limodzi ku Mandimba. Ndinkadziona ngati munthu wachifundo kwambiri. Ndinawagulira kapu yawoyawo ndi mbale yawoyawo, n'kumazisunga pawindo, kutali ndi za ana anga. Iwo anathokoza, ine n'kulandira kuthokozako popanda manyazi.

Achemwali ankadziwa kuphika buledi. Tinawamangira uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo pasanathe mwezi anthu ankachita kuwadikirira pamsika dengu lisanatulidwe. Zinayenda choncho mpaka tsiku limene anagwa pamsika pomwepo, dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali kuchigayo. Pofika ndinapeza anthu atazungulira patali, ena atatseka mphuno ndi nsalu, poti kwathu amati ukapuma mpweya wa wakhunyu kapena kukhudza thovu lake, nawenso uyamba kugwa. Malangizo ndiye anali ambiri. Wina ankati awaike supuni mkamwa, wina ankati awathire madzi. Onsewo ankalangiza ali pataliko ndithu. Amene anagwada n'kuwaika mutu pachitenje anali mayi wina wapaulendo, wolankhula Chimakhuwa, amene ankadikira chapa, minibasi ya kwathu kuno. Sindinamve mawu ake ngakhale amodzi, ndipo chapa itabwera anakwera.

Mawa lake buledi anabwerera kunyumba yense. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Mawa ukakhale ndiwe padengu," anatero achemwali. "Ine ndizingophika."

Ndinakakhala. Ndinauza anthu kuti odwala aja tawapumitsa, tsopano ndikuphika ndine. Buledi anatha lisanakwane dzuwa la masana. Mayi wina, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwathu, ananyema kachidutswa, natafuna atatsinzina.

"Mwaona? Manja amasiyana," anatero. "Uyu ndiye buledi. Uja ndinkangodya mokakamiza, mtima uli m'mwamba."

Ndinayankha kuti zikomo. Kunyumba nditawafotokozera, achemwali anaseka mpaka kukhala pansi, ine n'kuthamangira kukawagwira poyesa kuti ayamba kugwa.

Nthawi imeneyo n'kuti titayamba kupita kuchipatala ku Cuamba. Namwino wa kumeneko anatiuza kuti khunyu ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana, ndipo anawapatsa timapiritsi toyera toti azimwa tsiku lililonse. Kugwa kuja kunachepa kwambiri. Koma ulendowo unali ndi ubwino wake wina. Mu chapa anthu amapanikizana ngati fodya wa m'belo, ndiye ikakhala kuti mwakwera wina wotidziwa, ankanong'oneza mnzake, mnzakeyo mnzake, ndipo tisanatuluke m'tauni tinkapezeka tili pampando wonse awiriwiri, miyendo titatambasula.

"Usawauze zimene ananena namwino zija," achemwali ankandinong'oneza. "Tingataye mpando."

Kapu ya pawindo ija ndinaichotsa patapita miyezi ingapo. Sindinapepese. Ndinangoisakaniza ndi zinzake tsiku lina potsuka.

Tinagulitsa choncho zaka zitatu, ine ndikutchuka ndi luso limene ndinalibe. Kenako mwana wamkazi wa mayi a kutchalitchi aja anapeza banja, ndipo mayiwo anabwera kwathu. Anakhala pakhonde, achemwali ali kuseri.

"Ndikufuna mudzaphikire kwathu konko," anatero. "Uvuni tamanga kale. Alendo a ku Cuamba adzadye wamoto, komanso atsikana athu aphunzireko kwa inu."

Ine buledi ndinayesapo kamodzi kokha, ndipo ngakhale nkhuku zinamulambalala. Ndinayang'ana uku ndi uku, bodza lina silinabwere.

"Mayi, ine sindidziwa kuphika. Buledi yense mwakhala mukudyayu amaphika ndi achemwali."

Ndinawaona akudzigwira pamimba pang'onopang'ono, ngati akufunsa zaka zitatu zija ngati zili bwino m'katimo.

"Nthawi yonseyi?"

"Nthawi yonseyi, mayi."

"Ndi adzukulu anga omwe akhala akudya?"

"Ndipo anenepa," ndinatero.

Ndinkayembekezera kuti akalipa kapena apepesa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anakonza mpango wawo, natsitsa mawu.

"Ndiye aphikire konkuno. Mudzabwere naye ndinu m'mawa wa tsikulo. Koma alendo asadziwe, mukudziwa mmene anthu alili."

Anandiitana ine ku ukwatiwo. Achemwali sanawatchule, ngakhale ankamva ndithu kuti kuseri kuli munthu akuwaza nkhuni.

Ndinkafuna kukana, koma achemwali anati ntchito ndi ntchito. Anaphika madengu anayi, ine n'kusenza ndi anzanga awiri. Alendo anandigwira chanza, ena anandifunsa chinsinsi changa. Ndinawauza kuti ndi kuleza mtima.

Nditabwerako ndinawapeza akupala phulusa mu uvuni.

"Wadyedwa?" anafunsa.

"Watha mpunga usanafike n'komwe."

"Palibe wagwa?"

"Mmodzi yekha. Amalume ake a mkwati."

Anasiya kupala n'kundiyang'ana.

"Kachasu," ndinatero. "Anthu anayi anawanyamula bwinobwino, wina mpaka kuwapukuta pakamwa ndi mpango wake."

Achemwali anagwedeza mutu, nandipempha kuti ndiwapatsire dengu la phulusa.