Machimo obwereka a Tadala

Loweruka lija ndinasiyira mnzanga benchi langa la tomato mu msika wa Lilongwe, n'kulunjika ku depoti mtima uli m'mwamba. Mwana wanga Tadala amakhala kwa achimwene ku Area 11, ndipo kunali kutatsala sabata kuti alape koyamba. Koma atabwera kudzacheza ndinamufunsa funso loyamba la katekisimu, loti anamulenga ndani, iye n'kungoyang'ana pansi. Ndinakayikira alamu anga. Ndinati mwana akumuchapitsa zovala anzake ali ku Tilitonse, kalasi ya katekisimu ya kutchalitchi, ndipo sindinawaimbire foni kuopa kuti angakonzekere bodza.

Kondakitala anati K1,500 mpaka City Centre, n'kulumbira kuti tinyamuka pompo. Anthu atatu amene anali m'minibasimo anali ongokopera makasitomala, moti titayamba kudzaza anatsika mmodzimmodzi. Mayi wina pambali panga anandigawira chimanga chootcha, ndipo atamva za ulendo wanga anandiuza kuti ana a m'mipanda amapemphera Chingerezi chokhachokha. Ndinangoti ndi nsanje.

Ku City Centre ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Misewu ya uko ili zii, mipanda yokhayokha, woti n'kumufunsa njira ndi mlonda basi.

Kutchalitchi ndinabisala kuseri kwa mtengo ngati wakuba. Tadala analipo ndithu, kumbuyo kwenikweni, buku lili m'manja. Aphunzitsi amafunsa m'Chingerezi, ana n'kumayankha pamodzi, wangayo akungogwedeza milomo. Manyazi anandigwira chifukwa cha alamu anga osalakwa.

Ataweruka ndinamugulira mandasi n'kumufunsa ngati wakonzeka kukalapa. Anati eya, waloweza machimo atatu amene anamuphunzitsa mnzake Natasha, ndipo anawatchula bwinobwino m'Chingerezi. Nditafunsa tanthauzo, anati limodzi ndi lokana kudyetsa galu. Kwa achimwene kulibe ngakhale mphaka.

"Nanga akowo bwanji?" ndinamufunsa.

"Angawo sindiwadziwa m'Chingerezi, amayi. Ndiye Ambuye amva bwanji?"

Zinandiwawa kwambiri. Ndinapita kwa aphunzitsi aja, amene anadabwa, nati kalasi ya Chichewa imakumana masana, kungoti ana ochokera m'mipanda amawalemba ya Chingerezi ya m'mawa osafunsa. Anamusintha tsiku lomwelo, ndipo alamu anga nditawafotokozera sanatsutse.

Ndinapita kukagwira munthu wamkulu, koma wolakwa sindinamupeze. Pondiperekeza pa geti la kwa achimwene, Tadala anandinong'oneza kuti ndiye anaswa galasi la alamu mwezi watha, ndipo polapa akufuna ayambe ndi tchimo limenelo.