Chotupa cha Priscah wa ku Buchi

Priscah Mwanza ankaluka tsitsi pafupi ndi msika wa ku Buchi, mumzinda wa Kitwe. Makolo ake anachokera ku Katete, ndipo bambo ake, a Laston, anakalambira mu mgodi ku Kitwe.

Priscah atangopitirira zaka makumi awiri, anayamba kukhuta asanadye n'komwe. Masiketi anam'kulira, koma kumanja, pansi pa nthiti, kunali kolimba. Ku kiliniki ankamupatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, mpaka ku chipatala cha ku Ndola atamujambula anapeza khansa ya m'chiwindi.

Anthu analankhula. Ena ankati amamwa mobisa. Amayi ake a Derrick, mnyamata amene anamutomera, anati nthendayo ili m'magazi a banja la a Mwanza, ndipo zaukwati zinaima.

A Laston sanafune kumva za m'maluwa. Anapita ndi mwana wawo kwa dokotala.

"Adokotala, kodi tinamupatsira ndife?"

"Ayi, bambo. Si mowa, si kachilombo, komanso sichichokera kwa makolo. M'selo limodzi la chiwindi munaduka kachidutswa ka ulusi wa majini, malangizo amene amayendetsa selo. Majini awiri amene anali otalikirana analumikizana n'kukhala limodzi. Jini limeneli limapanga puloteni yosapuma, imene imachititsa maselo kuchulukana osaleka. Khansa yotereyi ndi yosowa, ndipo imagwira achinyamata a chiwindi chabwinobwino."

"Nanga chinadula ulusiwo n'chiyani?" anafunsa Priscah.

"Sitikudziwa."

Priscah amati yankho limenelo linamuvuta kuposa miseche, poti panalibe woti amukwiyire.

Anamuchita opaleshoni ku Lusaka, n'kuchotsa mbali ya chiwindi. Ali chigonere, Derrick anabwera kudzanena kuti amayi ake tsopano amvetsa.

"Nanga iwe unamvetsa liti?" Priscah anamufunsa.

 Awiriwo sanabwererane.

Masiku ano Priscah amakhala kwa mkulu wake ku Pamodzi, mumzinda wa Ndola, kuti akhale pafupi ndi chipatala, chifukwa khansayi imakonda kubwerera ndipo amakajambulitsa pafupipafupi. Amaluka atakhala pampando, pakhonde. Ulendo wathawu adokotala anaona kadontho m'mapapo, nati adikire adzaonenso. Atabwerako anapeza mtsikana wina akumudikira, akufuna kuti adzamuluke pa ukwati wake wa mu Disembala. Priscah anamuuza kuti amasule mpango aone tsitsilo.