Kampa Yanga si Matola

Loweruka lapitali ndinatsitsa matumba a mpunga, makireti a zakumwa ndi azimayi atatu ovala zitenje zofanana pamalo omwetsera mafuta ku Lucan, kunja pang'ono kwa Dublin. Lero ndikulemba ndilibe mnzanga wapamtima. Mukamva ku tchalitchi kuti Nachisale wasanduka mzungu, nkhani yake ndi imeneyi, ndipo ndati muimve kwa mwini wake isanathiridwe mchere.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndili ndi kampa, galimoto ija yokhala ndi bedi, kasitovu ndi kachimbudzi m'kati, yomwe eni dziko lino amapitira kokapuma. Ine sindipumira. Ndinaigula kwa mmisiri wina womanga nyumba yemwe ntchito itamuthera analongedza kupita ku Australia, monga akuchitira anyamata ambiri masiku ano. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo chiyambire mavuto a zachumawa maola athu mu Dublin anawadula. Ntchito zotsala zili kutali, m'matauni momwe basi imafika ikafuna. Ndiye ndimanyamula nyumba yanga, kukagwira masiku angapo, kugona momwemo, nkubwerera. Kampa imeneyi ndiye khasu langa.

Nditangoigula inali chidakwa chenicheni. Msewu wowongoka bwinobwino, iyo nkumadzandira. Chiwongolero unkachipotoza pang'ono osamva kanthu, kupotozanso pang'ono, basi yalumphira mbali ina. Lole ikamakudutsa, mphepo yake inkakukankhira kunja kenako nkukukokeranso m'kati. Ndinkafika kuntchito mapewa akuwawa, ndisanadzutse ndi gogo mmodzi yemwe.

Ndinayamba ndi matayala. Pamwamba ankaoneka atsopano, koma m'mbali anali ndi ming'alu chifukwa chokhalitsa pamalo amodzi. Kenako mashoko akumbuyo, aja oletsa galimoto kudumphadumpha, omwe makaniko anati anamwalira kalekale, kungoti palibe anawalira. Kenako mabushi, timphira ta kunsi kuja, kenako alaimenti yowongolera matayala. Chaka chimenecho sindinagule nsapato, ndipo tsitsi ndinkaluka ndekha pagalasi. Mpweya ndimayeza ndisananyamuke, matayala asanatenthe. Pang'ono ndi pang'ono chidakwa chija chinasiya mowa.

Koma phunziro lalikulu anandipatsa ndi manja anga omwe. Kampa ili ndi mbuyo yaitali, yopitirira kwambiri matayala akumbuyo. Ukaika cholemera kumeneko, kutsogolo kumapepuka. Amene munakwerapo ngolo mukudziwa zomwe zimachitika matumba akathawira kumbuyo: goli limakwera m'mwamba, ng'ombe nkusowa pogwira. Ndi momwemonso. Matayala akutsogolo akapepuka, chiwongolero chimasanduka chidole, iwe nkumaganiza kuti ukuyendetsa. Choncho zolemera zonse ndimaika pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. M'makabati a m'mwamba mumakhala zovala ndi mapilo basi.

Tsopano mumve za Amake Tadala. Mayi ameneyu ndi amene anandilandira nditafika muno ndi kachikwama kamodzi, ndikunjenjemera ndi chisanu. Ndinagona pabalaza pake kufupi ndi Parnell Street mpaka nditapeza pogwira. Jekete yanga yoyamba inali yake. Anandiphunzitsa kukwera basi, anandionetsa kogula ufa, ndipo tsiku lomwe bambo anga anamwalira kumudzi ndi amene anandigwira ndikugubuduzika pansi. Ndimamukonda, ndipo sindichita manyazi kunena.

Mwana wake Tadala anali ndi chinkhoswe ku Galway, komwe kumakhala abale a mwamuna. Amake atandipempha kampa sindinaganize kawiri. Ndinangonena chimodzi: mipando ya malamba ilimo inayi, ndipo katundu ndilongedza ndekha. Anati, “Palibe vuto, achemwali.”

Mmawa wa Lowerukalo tinakumana cha ku Moore Street, kogula zotsala. Ndinangolowa m'sitolo kukatenga tsabola yemwe anaiwalika. Potuluka ndinapeza ntchito yatha. Anaigwira ndi a Mbewe, nkhoswe ya kuchikazi, bambo wamphamvu zake yemwe kwathu ankayendetsa minibasi. Matumba a mpunga ndi ufa anawakankhira m'kabati yakumbuyo kwenikweni. Makireti a zakumwa pamwamba pake. Mapoto aakulu m'makabati a m'mwamba. Masipika awiri, aliyense wamkulu ngati mwana wa sitandade faifi, anawamangirira kunja, pazitsulo zonyamulira njinga. Pabedi panakhala azimayi atatu a komiti ya chinkhoswe, aliyense ali ndi thireyi ya nkhuku zootcha pamiyendo.

Ndinayamba kudandaula. Ndisanamalize, mmodzi wa azimayiwo anayambitsa pemphero. Inu mukudziwa, sungakangane ndi anthu otsinzina. Tinapempha angelo kuti akhale kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Amen atamveka zitseko zinali zitatsekedwa kale, ndipo aliyense ankayang'ana ine.

M'tauni zinayenda, poti timangokwawa. Titalowa msewu waukulu wa kumadzulo, manja anga anadziwa mutu usanadziwe. Chiwongolero chinapepuka. Chidakwa chija chinabwerera. Kenako lole yaitali inatidutsa, ndipo kampa inapendekera kumanzere, nkubwerera kumanja, nkupendekeranso, mbuyo ikugwedeza mutu. M'kabati mapoto anagunda chitseko. Azimayi aja anakuwa, nkhuku zili pansi. Sindinaponde buleki, poti pamenepo ndiye pogubuduzira. Ndinangochotsa phazi pang'onopang'ono, manja ali gwa, mpaka inakhazikika.

Tadala anali pambali panga, atavala kale mikanda yake. Mwana wokulira kuno, amamva Chichewa koma amayankha m'chizungu. Anandigwira bondo nkunena motsitsa, “Auntie, are we okay?”

Ndinakhotera ku Lucan, nkuima pomwetsera mafuta, nkuzimitsa injini. Makiyi ndinawaika pachifuwa, pomwe azimayi timasungira zofunika.

“Zatani, Anachisale? Diesel watha?” anafunsa a Mbewe.

“Diesel alimo. Titsitse katundu, ndipo amene alibe lamba atsike.”

Anaseka. “Mayi, ine ndayendetsa Limbe-Zomba, four-four, makala pamwamba, mbuzi pansi pa seat. Galimoto siidzadza. Vuto lanu ndi mantha basi. Bweretsani makiyi, mukhale kumbuyo muzipuma.”

“Mwaona pomwe ndawaika, a Mbewe. Ngati muli ndi chiwindi, atengeni.”

Sanawatenge. Koma Amake Tadala anatsika, nkundikokera pambali, maso ali psu.

“Achemwali, mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa asewere anga? Hall tinabuka, anthu akudikira. Tapemphera tonse apa. Kapena pemphero lija inu simunalimve?”

“Ndinalimva. Koma matayala akutsogolo sakugunda pansi bwino, ndipo mwaona nokha.”

“Ine ndinakulandirani muno mulibe ndi jekete yomwe. Lero chifukwa cha kagalimoto aka mwasanduka mzungu?”

Mawu amenewo anandilasa, ndisaname. Misozi inalengeza. Koma ndinati, “Munandilandira, sindikana. Nchifukwa chake sindikufuna kudzakuperekezani ku airport muli m'bokosi, inu ndi mwana wanu.”

Ndinatsegula kabati nkuyamba kutsitsa ndekha.

Tiime kaye pamenepa, abale anga, chifukwa mawu akuti mzungu ndawamva kokwanira. Kodi kufuna kufika wamoyo kunayamba liti kukhala chizungu? Kodi lamba amafunsa mtundu wa munthu asanamugwire? Tonse tili ndi m'bale yemwe anatsala pamsewu kwathu, m'matola momwe munali anthu, chimanga ndi njinga mulu umodzi. Tinalira, tinati chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo sabata yotsatira tinakweranso, tikumuuza dalaivala kuti malo alipo, tisunthirana. Kwathu mwina tinalibe kuchitira mwina, galimoto inali imodzi pa tsiku. Koma chizolowezicho tachinyamula mpaka kuno, tadutsa nacho pa airport popanda wotifunsa, ndipo tikuchitcha chikhalidwe.

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Wina maola amudula, wina ntchito yoyeretsa yatha, wina sukulu akulipira ndi ganyu yotsuka mbale, ndipo kumudzi foni siisiya kulira. Kubwereka vani ndi ndalama. Ndiye aliyense amene ali ndi kanthu, kaya ndi galimoto, kaya chipinda, kaya msana wolimba, timamusenzetsa mpaka apindike. Akati “ayi” timati wayamba kudzimva. Amene anakuthandizapo ndiye sungamukanire nkomwe, ngakhale akupemphe chinthu choti chimupha iye yemwe.

Koma chomwe chimandikwiyitsa ndi ichi. Mmalawi akamwalira muno, timadabwitsa ndi eni dziko omwe. Mauthenga amayenda, misonkhano imachitika, munthu wosagwira ntchito amatulutsa yomwe anabisa, mpaka thupi likwere ndege likagone kwawo. Pamenepo ndiye timagwirizana, ndipo ndimanyadira. Nanga bwanji anthu omwewo sitingasonkhe kangachepe kobwerekera vani yonyamula mpunga? Chifukwa chiyani dzanja lathu limatseguka pa bokosi, koma pa chinthu choti bokosilo lisakhalepo limauma? Tinali anthu asanu ndi awiri m'kampa muja. Taganizani chisonkhesonkhe chake.

Ndipo za pemphero, musandiyese wachikunja. Ndimapemphera ndisanalize injini, tsiku lililonse. Koma Mulungu yemweyo anandipatsa manja omva chiwongolero chikapepuka. Kumupempha kuti atiteteze kwinaku tikumangirira masipika kumbuyo ndi kumutuma ntchito yomwe anatipatsa ife.

Ena mukuti ndikanangoyenda pang'onopang'ono. Msewu wa ku Galway mukuudziwa, mphepo yake siipempha chilolezo, ndipo malole sasiya kudutsa chifukwa muli mkwatibwi. Kuyenda pang'ono kumathandiza galimoto yolongedzedwa bwino. Yolongedzedwa molakwika imangodikira mpata wake.

Ku Lucan kuja ndinalongedzanso. Matumba awiri ndinawagoneka pansi, pakati. Mapoto pansi, nkhuku zomwe zinapulumuka pansi. Masipika, makireti ndi matumba otsala ndinawasiya pambali pa khoma, a Mbewe akuimba mafoni kufunafuna wa galimoto ina, uku akundinena kwa aliyense woyankha. Azimayi a komiti anakhala pamakireti, atandifulatira.

Mpando wa Amake Tadala unalipo, wa lamba wake. Ndinamuitana. Anati, “Pitani ndi galimoto yanu. Ine ndidikira anthu anzanga.”

Tadala anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine, nkukwera. Anamanga lamba. Njira yonse kampa inayenda mowongoka, malole akudutsa iyo osatekeseka, ndipo mwanayo anagona tulo mutu uli pawindo. Ine ndinkayendetsa ndikulira.

Chinkhoswe chinayamba mochedwa kwambiri. Zakumwa zinafika anthu atadya kale, ndipo nyimbo zoyamba tinavinira kawailesi ka m'khitchini ya holoyo. Asewere anang'ung'udza, ndinawamva. Manyazi omwe mnzanga ankaopa anamugweradi, ndipo sindinganene kuti sanamugwere chifukwa cha ine. Pa perekaniperekani ndinavina kupita kutsogolo ngati wina aliyense. Nditafika pomwe anaima ndi lichero, analitembenuzira kwina. Ndalama yanga inagwera pansi, ndipo ndinaisiya pomwepo.

Sabata yonseyi foni yake ikungoitana. A komiti anditumizira uthenga kuti ndikapepese, nkhani ithe. Akuti wamkulu salakwa, ndiponso amene anakuveka usamuvule pagulu.

Lamlungu likubwerali ndipitadi kwawo. Ndiphika mandasi momwe amawakondera, ndikwera masitepe aja omwe ndinakwera koyamba ndi kachikwama kanga, ndipo ndikagogoda. Ndikamuuza kuti ndamusowa, chifukwa ndi zoona. Ndikamuuza kuti zinandipweteka kumuona akuchita manyazi pa tsiku la mwana wake. Koma kupepesa chifukwa chotsitsa katundu uja, ayi. Atati tibwerere ku Lucan lero, ndingatsitsenso, kuyambira masipika omwewo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, sanati khutulo silipweteka.

Mwina akatsegula. Mwina akangondiona nkumenyetsa chitseko. Akatero ndikaima pakhondepo ndi mandasi anga, nkumvetsera mapazi ake akubwerera kubalaza, akutukwana, akupuma, ali moyo. Inu amene mukuti ndikapepese, tandiuzani: mukanakonda kuti sabata ino muzisonkhera chiyani?