Pepala Limene a Mphepo Sanasute

Tsiku limene Ezelina anapeza kuti bambo ake asuta maphunziro ake, sanalire. Mphamvu zolirira analibe.

Unali mwezi wa Febuluwale, pa esiteti ina ya fodya kwa Njombwa ku Kasungu. Amene munakhalapo pa utenanti mukuudziwa mwezi umenewu: njala m'nyumba, ntchito kumunda, ndipo zonse ziwiri sizidikira munthu. Ezelina anali atathyola fodya wamame kuyambira mbandakucha. Mutu unkawawa, mseru uli pakhosi, manja ali bii ndi utomoni. Analowa m'kanyumba kawo kaudzu napisa dzanja kudenga, kumene ankasomeka mapepala ake a Chisipanishi. Analipo makumi awiri. Anapeza limodzi.

Panja, bambo ake, a Mphepo, anali atakhala pachitsa, utsi ukutuluka m'mphuno.

"Ababa, mapepala anga ndinasomeka kudenga aja ali kuti?"

"Ofewa aja? Koma ndiye amapichirika bwino, mwanangu. Si unanena wekha kuti zolembalemba zako ndizisutira?"

Ananenadi. Zaka ziwiri m'mbuyomo, zotsatira za mayeso a folomu 4 zitatuluka, Ezelina anakhoza, koma mapointi ake sanamutsegulire khomo la koleji iliyonse. Ndi mkwiyo anatenga makope ake onse nawaponya pamapazi a bambo ake. "Sutani," anatero. A Mphepo sadziwa kuwerenga. Kwa iwo pepala lolembedwa ndi dzanja la Ezelina linali pepala lopichirira chingambwe, basi. Tsopano mtsikanayo anangoima, kuyang'ana ndudu imene inali pakamwa pawo, zilembo zake zikupsa chimodzichimodzi.

Inu amene mwatopa ndipo mukufuna mawu okudzutsani, nkhani iyi ndi yanu. Koma ndikuchenjezeni: mulibe zozizwitsa m'menemu. Muli ntchito yokhayokha.

Mwina mukufunsa kuti mwana wa tenanti ankachitanji ndi Chisipanishi, chinenero chimene ngakhale abwana a esiteti sanachimvepo. Ku parishi ina ya Katolika, ulendo wa maola atatu wapansi, kunali Sisitere Perpetua, Mmalawi mnzathu amene anakhala zaka zambiri ku Sipeni. Masisitere anzake a kumeneko analonjeza kutenga atsikana awiri kuti akaphunzire unamwino. Chofunika chinali chimodzi: kukhoza mayeso a pakamwa a Chisipanishi. Loweruka lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri Ezelina ankayenda ulendo umenewo, kupita ndi kubwera, ndipo zonse zimene anaphunzira zinali pa mapepala aja.

Kunyumba kunalinso mayeso ena. Mayi ake anamwalira kalekale, kwawo ku Phalombe asanasamukeko. A Mphepo msana unali utatha, chifuwa chikuwasowetsa mtendere, ndipo kapitawo anali atawauza mosapita m'mbali kuti chaka chamawa sadzawalembanso. Ndiye panali Levison, mnyamata wamphamvu amene ankafuna munda wakewake. Pa esiteti imeneyo mwamuna wosakwatira sapatsidwa munda, chifukwa amati fodya ndi wa manja anayi. Levison ankafuna mkazi, a Mphepo ankafuna pobisala, ndipo nkhaniyo inali itapsa kale.

"Ukalephera mayeso a azunguwo," anatero a Mphepo, "ukwatiwa ndi Levison, ine ndikhale nanu. Ndilibe kwina kopita."

Levison sanali munthu woipa, tisamunamizire. Koma kukwatiwa naye kunali kusainira moyo wa mkazi wa tenanti: nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kusankha, kenako nazale ina, mpaka manda.

Mayeso anali atatsala milungu isanu. Kokakopanso mapepala kunalibe. Sisitere Perpetua anali atagonekedwa ku Lilongwe ndi mwendo, komanso kapitawo anali ataletsa maulendo a Loweruka mpaka fodya atatha m'munda. Zake zinada.

Ezelina anafunyulula pepala lotsalalo. Panali mneni mmodzi yekha, wolembedwa m'nthawi zitatu: yakale, yatsopano ndi yamtsogolo. Mneniyo anali trabajar, kutanthauza kugwira ntchito. Taonani nthabwala za dziko lino! Mwa aneni onse, kudya, kugona, kupuma, moto unamusiyira ameneyo.

Koma anakumbukira zimene sisitere ankabwereza mpaka kutopetsa. "Mneni wotere tsinde lake silisintha, ana inu. Chimasintha ndi kumchira. Ukadziwa michira ya mmodzi, wadziwa ya anzake mazanamazana a banja limenelo."

Anakulunga pepalalo m'kajumbo ka shuga nalimangirira kunsonga ya chitenje. Vuto linali nthawi. M'mawa kuthyola, masana kusoka, madzulo kupachika m'chigafa, ndipo akamafika pamphasa thupi linali la eni ake. Mpata wokhala pansi n'kumawerenga unalibe. Choncho anaika phunzirolo m'ntchito momwemo.

Fodya amasokedwa ndi singano yaitali. Yake inali ya sipoko ya njinga, imene a Mphepo anaisula okha. Umabaya tsamba pakhosi, kulikankhira pachingwe, kubaya lina, ndipo ukamanga kamtoloko umakakoloweka pa mkangala, ndodo yoyanikirapo fodya, masamba ena uku, ena uko. Ezelina anayamba kusoka asanu ndi limodzi. Atatu mbali iyi: ine, iwe, iye. Atatu mbali inayo: ife, inu, iwo. Tsamba lililonse likamalowa pa singano, mawu amodzi ankatuluka pakamwa.

Fodya amakhwima kuyambira pansi, ndiye masamba a pansi anawapatsa nthawi yakale. Trabajé, trabajaste, trabajó. Ndinagwira, unagwira, anagwira. Trabajamos, trabajasteis, trabajaron. Kumanga, kukoloweka, kuyambanso. Pa tsiku munthu amasoka masamba angati? Musayese kuwerenga, mungadwale mutu.

Amayi osoka naye pansi pa chigafa anayamba ndi kuyang'anana, kenako kuseka poyera.

"Amzanga, Ezelina walandira mzimu! Tamvani malilime!"

"Umutipemphererekonso fodyayu asawole, abusa!"

Iye ankangosoka. Akanayankha akanataya mzere.

Atafika pa masamba a pakati analowa nthawi yatsopano: trabajo, trabajas, trabaja, trabajamos, trabajáis, trabajan. Michira itakhazikika, anayamba kusintha matsinde ndi aneni amene anali atatsalira m'mutu mwake. Lavar, kuchapa. Cocinar, kuphika. Cantar, kuimba. Llorar, kulira. Onse ankalowa bwinobwino monga ananenera sisitere. Masiku ena ankasanza kaye chifukwa cha fungo la fodya wamuwisi, n'kutsuka m'kamwa, n'kubwerera pa singano.

Imene inamuthyola ndi nthawi yamtsogolo. Anafika nayo pa masamba a pamwamba, okhuthala, omata kwambiri, mayeso atatsala masiku asanu ndi atatu. Trabajaré, ndidzagwira ntchito. Trabajarás, udzagwira ntchito. Anakweza maso n'kuona mizere ya fodya mpaka kumene maso alekeza, amayi okalamba atawerama, ndipo mawuwo anamulowa ngati chiweruzo. Ndinagwira, ndimagwira, ndidzagwira. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la mapepala lija inabwera pamenepo. Anaponya singano pansi.

"Ababa, kawauzeni a Levison kuti ndavomera. Ndatopa. Atsikana a kutauni ali ndi mabuku ndi mafoni. Ine ndikalimbana nawo ndi kapepala kamodzi?"

A Mphepo anali chapafupi, akumanga mikangala. Kuyambira tsiku lija sanakhudzenso pepala lililonse. Ankapichira fodya wawo m'makoko a chimanga. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anawerama movutikira natola singano ija.

"Lero walakwitsa," anatero. "Tsamba lachinayi umati remosi. Lero wadumpha, wapita kwa lachisanu."

Ezelina anawayang'ana kukamwa kuli yasa. Munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake anali atagwira ndi khutu trabajaremos, tidzagwira ntchito.

"Milungu inayi ndakhala ndikumvera. Ndinasuta mapepala ako, mwanangu. Sindikufuna ndisutenso ndi moyo wako womwe. Za ine ndi Levison zisiye. Tenga, soka."

Musaone ngati anali mawu otchipa. Mkuluyo ankadziwa kuti Ezelina akapita, iye watsala pamtetete. Mtsikanayo anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, nayambanso tsamba loyamba.

Tsiku la mayeso, asananyamuke kupita ku Kasungu boma, anakwecha manja ndi mchenga ndi phulusa mpaka kuwawa. Utomoni wa m'ming'alu ndi m'zikhadabo sunachoke. A Mphepo anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo galimoto itaima anamupatsira singano ija.

"Ababa, ya chiyani? Ndikupita kumayeso, osati kuchigafa."

"Pakamwa pako sipayenda popanda iyi. Ndakuona ine."

Anailandira kuopa kuwakhumudwitsa, naisomeka m'chitenje mwamanyazi.

Atsikana analipo khumi, ndipo ankalowa mmodzimmodzi. Ena anali odzola bwino, zala zosalala, akubwereza mawu pa mafoni awo. Ezelina atalowa anapeza tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Kuseri kwake kunali sisitere wokalamba wa ku Sipeni, woyesayo, ndipo pambali pake Sisitere Perpetua ndi ndodo yake. Ezelina anaona nsalu yoyerayo, anaona manja ake, nawabisa pansi pa tebulo, atawafinya pakati pa mawondo.

Woyesayo anamupempha mneni cantar m'nthawi yakale.

Zii. M'mutu munalibe kalikonse.

Anafunsanso, pang'onopang'ono. Ziinso. Sisitere Perpetua anaweramitsa mutu, ndipo woyesayo anatenga cholembera kuti alembe zimene inu ndi ine tikuzidziwa. Milungu isanu mawu amenewo sanatulukepo manja ali chete, ndipo lero anali atawamanga yekha chifukwa cha manyazi.

Chala chake chinakhudza sipoko ija m'chitenje.

Anaitulutsa. Anaika manja onse awiri pansalu yoyerayo, akuda, ong'aluka, mmene analili. Dzanja lamanzere linatola tsamba limene panalibe, lamanja linabaya.

"Canté. Cantaste. Cantó." Anatembenuza mbali inayo. "Cantamos. Cantasteis. Cantaron."

Woyesayo anaika cholembera pansi. Anaponya mneni wina, nthawi ina. Ezelina anasoka. Wina, anasoka. Anasoka kuphika, kuchapa ndi kuyenda, m'nthawi yakale, yatsopano ndi yamtsogolo, osapunthwa. Pomaliza mayi wokalambayo analoza manjawo nafunsa m'Chisipanishi kuti amagwira ntchito yanji. Funso limeneli silinali pa pepala lililonse.

"Trabajo en el tabaco," anatero Ezelina. Ndimagwira ntchito ya fodya. "Mi padre trabajó treinta años." Bambo anga anagwira zaka makumi atatu. "Mi padre no trabajará más." Bambo anga sadzagwiranso.

Mwa atsikana awiri amene anasankhidwa, mmodzi anali iye.

Sindikunamizani kuti kuyambira pamenepo zonse zinali zokoma. Fodya atatha kudindidwa, kapitawo anachita zimene ananena. A Mphepo anakwera lole yobwerera ku Phalombe ndi kachikwama kamodzi, kukakhala kwa mlongo wawo ngati mlendo wosaitanidwa, ndipo anakhala choncho zaka zinayi. Levison anakwatira wina mwezi womwewo, munda n'kupatsidwa. Ezelina naye kutsidya la nyanjako anazizidwa, anasungulumwa, anakumana ndi aneni ena osamvera malamulo amene anamuliza kangapo. Koma anamaliza.

Lero ndi namwino pa kachipatala kena kuno ku Kasungu, ndipo odwala ake ambiri ndi matenanti. Chaka chatha malungo atandigwetsa, ndi iye anandibaya jakisoni. Ine ndine wamantha ndi singano, koma sindinamve kanthu. Munthu amene anabaya masamba onse aja sangaphonye mtsempha wanga.

Kuseri kwa chipatalacho kuli nyumba ya malata. Pakhonde pake mupeza mkulu wina wowonda atakhala pampando wa ndalema, manja ali pamimba, dzuwa likumuwomba. Fodya anamuletsa mwana wake, ndipo amadandaula kwa aliyense wodutsa. Mukamufunsa kuti amagwira ntchito yanji, amaseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Mwana wanga anawauza azungu m'chinenero chawo kuti sindidzagwiranso. Ndiye ndingamuchititse manyazi?"

Tsopano inu. Ndikudziwa kuti mwatopa, nanenso ndatopa. Ndikudziwa kuti pali amene anasuta mapepala anu, mwina mwadala, mwina mosadziwa, mwinanso ndi munthu amene mumamukonda. Mukhoza kukhala pachitsa n'kumalira khumi ndi asanu ndi anayi amene anapsa, ndipo palibe angakudzudzuleni. Koma utsi subwerera m'ndudu. Pisaninso dzanja kudengako. Limodzi latsala. Litengeni, mupite nalo kuntchito imene ikukutopetsaniyo, ndipo tsiku lanu likadzafika musadzabise manja anu pansi pa tebulo.

Osataya mtima, abale anga. Tolani singano, sokani.