Mapazi a Abiti Uladi

Amene amatsikira pa Nkope amamudziwa Shamima, mayi wa mpango wobiriwira amene amakazinga kanyenya m'mbali mwa msewu. Amaseka ndi aliyense, koma saiwala kanthu. Mukamuponda phazi chaka chino, adzakukumbutsani tsiku la ukwati wa mdzukulu wanu.

Anakwatiwa ali kamtsikana ndi Mustapha, yemwe anangodya mpunga wa ukwati, kusiya mimba, n'kuthamangira ku Joni ngati anzake. M'malo momusiya mkaziyo kwawo, anamuika pakhomo pa mayi ake, Abiti Uladi, kuti azimuyang'anira. Eee, anamuyang'aniradi! Katundu wa ku Joni ankafikira kwa Abiti Uladi. Kiyi wa kuchipinda kwa ufa ndi mafuta ankagona m'chiuno mwawo. Nsomba ikapsa, mnofu unkapita kwa alamu ake a Shamima, anyamata andevu ongokhalira bawo, ndipo kamwana kake, Zakia, kankangonyambita msuzi.

"Mwana ndi nsomba wapi ndi wapi? Minga imulasa," ankatero gogoyo, pakamwa pali noninoni.

Zakia atasiya kuyamwa anayamba kutupa. Masaya phwii, tsitsi kufiira, ndipo ukadina chala pamwendo pankatsala kadzenje. Abiti Uladi za kuchipatala sanaziganize n'komwe. Anaitana amayi a pamudzi, n'kumugoneka mwanayo pamkeka ngati usipa woyanika.

"Onani nokha. Ili ndi tsempho."

Panalibe wofunsa tanthauzo. Kuno amati mwana akatupa chotere, ndiye kuti wina m'nyumbamo wagona kunja n'kudzathira mchere m'ndiwo. Tsono bambo ali ku Joni, watsala ndani? Mustapha anathetsa banja pafoni, mawu ake akudukaduka, ndipo Shamima anachoka ndi mwana kumbuyo, amayi aja akumuperekeza ndi maso.

Kuchipatala anamwino anangomuona mwanayo n'kunena kuti ndi njala. Anamupatsa mkaka ndi chiponde, kutupa n'kuphwa. Koma njala ya paubwana simachoka yonse. Zakia lero ndi wamfupi kuposa anzake onse m'kalasi, chifuwa sichimupitirira, ndipo zimene waphunzira m'mawa pofika madzulo zina zathawa. Dzina loipa lija nalonso silinaphwe. Pa sadaka Shamima ankapatsidwa ntchito yotsuka mbale, mchere osaukhudza. Amuna ogula kanyenya ankamutsinzinira diso ngati pali zina zogulitsa. Iye ankaseka, kuwonjezera tsabola, mumtima akufuna chinthu chimodzi basi: pakamwa pomwe panamuipitsa pamuyeretse, pamaso pa amayi omwe aja.

Zaka zinapita. Alamu andevu aja nawonso anakwera basi ya ku Joni, gogo n'kutsala yekha m'nyumba ya malata. Tsiku lina foni ya Shamima inalira, ali Mustapha.

"Mayi a Zakia, muli bwanji kumeneko?"

"Ii, manambala anga akadalipo ku Joni? Ndimayesa anabedwa."

"Zakale zisiyeni. Amayi sakupeza bwino. Mapazi atupa, nsapato sizikulowa. Palibe wowatengera kuchipatala."

"Mwati atupa?"

"Kwambiri."

"Musadandaule, bambo a Zakia. Ndipita."

Mustapha anathokoza mpaka mayunitsi kutha, osadziwa kuti mnzakeyo wazimitsa moto kanyenya asanapse chifukwa cha chimwemwe.

Sanapite yekha. Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti anazungulira makomo onse a amayi amene anali pamkeka paja. Ena anali atamwalira, koma otsalawo anakwana. Anakatenga ngakhale Abiti Simioni, ogontha khutu limodzi, amene nkhani ikawalowa khutu linalo imafika ku Makokola dzuwa lisanapendeke.

"Tiyeni tikazonde odwala, ndi sawabu, Mulungu amalipira," anatero Shamima, nkhope ili ngati ya mngelo.

Anawapeza Abiti Uladi pakhonde, miyendo ili pampando, yonenepa ngati mitondo. Shamima anagwada bwinobwino, kupereka salamu, kufunsa za tulo. Kenako anatambasula chala n'kudina paphazi. Atachotsa, kadzenje kanatsala.

"Amayi anzanga, tasenderani. Izi tinazionapo, eti?"

Amayi aja atasendera, Shamima anatembenukira kwa Abiti Uladi.

"Amayi, paja munatiphunzitsa kuti kutupa kotere ndi tsempho. Tsono m'nyumba muno mumagona nokha, mchere mumathira nokha. Abambo anatisiya kalekale, Mulungu awachitire chisoni. Tiuzeni, ndi ndani? Ndi a Jenkins osoka maukonde aja? Paja amadutsadutsa kuseri kuno."

Mayi wina anabisa kukamwa mumpango, mapewa akugwedezeka.

"Astaghafirullah! Iwe mwana, ine msinkhu uno?" Abiti Uladi anafuna kudzuka, miyendo n'kukana. "Awa ndi matenda!"

"Matenda? Kani munthu amatha kutupa popanda wochimwa?"

Gogo anayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza. Onse anali kuyang'ana phazi. Apa anaona kuti njira zatsala ziwiri: avomere a Jenkins, kapena avomere Shamima.

"Amatha," anatero chapansipansi.

"Nanga Zakia?"

"Anali matenda."

"Matenda anji, amayi? Anamwino anatchula dzina."

"Njala."

"M'nyumba ya yani?"

"Yanga. Iwe sunalakwe."

"Kwezani mawu, Abiti Simioni sanamve."

"Wati chiyani?" anafunsa Abiti Simioni, akutembenuza khutu labwino.

Abiti Uladi anabwereza mokuwa, misozi ili mbwembwembwe, mpaka ana osewera kumsewu anaima. Shamima anadikira mawu onse athe, anadzuka, kusasa fumbi m'maondo, n'kuitana njinga yamoto.

Kuchipatala anati ndi mtima ndi kuthamanga kwa magazi, anapereka mapiritsi. Shamima amaonetsetsa kuti akumwa, tsiku lililonse, osaphonya. Anthu amati ndi mtima wabwino. Iye amati ayi, akufuna gogoyo akhale zaka zambiri, chifukwa pamudzi amabwerabe alendo amene nkhaniyi sanaimve kuchokera kwa mwiniwake. Mustapha anayesa kutchula zobwererana, anauzidwa kuti afunse kaye amayi ake ngati mkaziyo ndi woyenera. Sanaimbenso.

Pa ukwati wa mwana wa a Hafiz a kumzikiti mwezi watha, amene anayang'anira miphika yonse ya nyama anali Shamima, ndipo amayi awiri amene ankamutembenuzira msana pamjigo anawatuma kukatola nkhuni.