Pepala la Ledi ndi Bwalo la ku Chowa

Mlongo wanga wamkulu amakhala ku Chowa, pafupi ndi mgodi wakale, m'nyumba imene bambo athu anafikiramo atachoka ku Petauke. Pa nkhani ya bwalo sachita masewera. M'mawa uliwonse amawerama ndi tsache, kusesa kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Kaudzu kakangosuzumira, khasu. Kwathu udzu pabwalo ndi chizindikiro cha ulesi, ndiponso amati umaitana njoka. M'chilimwe fumbi limene amautsa limakagwera m'mbale za anansi.

Mwana wake wamkazi amaphunzitsa pa yunivesite. Iye ndi anzake analemba pepala la sayansi lonena za mtovu, umene kuno timangoti ledi, wotsalira m'dothi la makomboni ozungulira mgodi. Litatuluka anandiuza kuti masiku ano mabwana ake samangofunsa kuti akatswiri anzake aligwiritsa ntchito kangati. Amayang'ananso kachizindikiro kosonyeza kuchuluka kwa anthu amene alitchula pa masamba a mchezo. Choncho anapempha abale kuti timuthandize kulifalitsa.

Anapempha anthu oyenera. Mayi ake anatenga chithunzi cha mwanayo atavala mkanjo wa digiri, nachimata pamwamba pa pepalalo, nkutumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi, la kwaya, la maliro, la abale a ku Petauke. Mayankho anabwera ngati ngumbi. Ambiri analemba "Ameni". Ena anaika timitima tofiira pansi pa mutu wonena za poizoni m'magazi a ana. Bambo wina anafunsa ngati mtsikanayo ali pabanja. Mayi wina, poona kuti tsopano ndi dokotala, anamufotokozera za bondo lake.

Ine ndinagwira ntchito m'nyuzipepala, ndipo chizolowezi chofunsa sichinandichoke. Misa itatha ndinaima panja, nkumafunsa amene analifalitsa kuti pepalalo likunena chiyani. Wina anati mgodi utsegulidwanso. Wina anati mwanayo wakwezedwa pantchito. Wachitatu ananena zoona: mayunitsi a foni yake ndi osawonongera Chingerezi chotere. Sindinapeze ngakhale mmodzi amene analitsegula.

Ineyo kuliwerenga kunanditengera masiku awiri, dikishonale ili pambali. Zofunika kwa munthu wa ku Chowa zinali kumapeto, m'ndime yaifupi: ledi amalowa m'thupi kudzera m'fumbi, dothi lisakhale pamtetete, pabzalidwe kapinga, posesa awaze madzi, ana asakwawe pansi.

Loweruka lina ndinachoka kwanga ku Katondo kupita ku Chowa, chifukwa dokotalayo amabwera ndi khanda lake limene linali litangoyamba kukwawa. Amayi a kutchalitchi anali atadzaza mphasa. Mlongo wanga analanda mdzukulu wake, namuvinitsa, kenaka nkumukhazika pa dothi.

"Amama, musamuike pansi," anatero mwana wake.

"Pansi pake pati? Ndasesa kawiri. Pano ungadyerepo nshima."

"Vuto ndi lomwelo. Pepala lija munaliwerenga?"

"Ndalituma mpaka ku Chipata. Iwe mwiniwake unatumira angati?"

"Limanena kuti pano mubzale kapinga."

Amayi a pamphasa anaseka. Mlongo wanga sanaseke.

"Kapinga? Kuti anthu azidutsa apa nkumati mayi wa dokotala anaduka manja? Iwe unakwawa pomwepa, dothi unadya, lero si uyu uli ndi madigiri?"

Mwanayo anatola khanda lake, nalipukuta m'manja ndi chitenje, nkutembenukira kwa ine. "Atsibweni, auzeniko."

Ndinafotokoza zimene ndinawerenga, mwachidule, monga tinkalembera nkhani ya tsamba loyamba. Mlongo wanga anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Inu alongo," anatero, "zaka zonse zija munkalemba, nyuzipepala zanuzo ife tinkakulungira kapenta."

Khandalo linatha tsiku lonse kumbuyo kwa mayi ake, likulira kufuna kutsika. Potsanzika, mayi akewo ananena motsitsa mawu kuti sadzabweranso nalo kufikira bwalolo litaphimbidwa. Agogo ake anayankha kuti nyumba ndi yawo, tsachenso ndi lawo.

Sabata yotsatira nambala ya pa kachizindikiro kaja inakweranso, pakuti zithunzi za tsikulo zinatumizidwa limodzi ndi pepalalo. Ku yunivesite mabwana ake a dokotala uja anamuyamikira pamsonkhano, akuti kafukufuku wake wafika kwa anthu wamba. Anandiuza zimenezi pafoni, mawu ake ali ozizira.

Mdzukuluyo anaphunzira kuyenda pa simenti ya khonde la mayi ake. Ku Chowa sanapondekonso. Agogo ake akamulakalaka amakwera minibasi, nkumadandaula njira yonse kuti ana ophunzira amanyada.