Maliro a Mayi wa M'buku la Aphunzitsi

Linali Lachinayi, dzuwa lisanafike pamutu, pamene aphunzitsi anatsitsa bokosi lotuwa pamwamba pa kabati n'kuliika patebulo. Tsikulo ndimalikumbukira chifukwa Lachinayi ndi limene amayi ankakonza m'nyumba mwa aphunzitsiwo ku Fairfax. Ine ndinapita nawo poti sukulu anali atatseka chifukwa cha sinowo, chisanu choyera chogwa ngati ufa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Apo n'kuti bambo atamwalira kumene. Ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe. Mtembo wawo unapita kumudzi pa ndege, koma ife tinatsala, chifukwa malume, alongo awo a amayi, anati tikatuluka mapepala athu satilola kubwereranso. Choncho amayi sanaone manda. Ngakhale kulira sanalire. Tsiku limene bambo anatisiya, amayi atayamba kubuma m'fulati mwathu ku Springfield, a khomo linalo anamenya khoma. Malume anawatseka pakamwa ndi dzanja. "Achemwali, kuno amaitana apolisi."

Kenako amayi anayamba kuwaona bambo. Sikunali kulota ayi. Ankawaona masanasana, ataima pafupi ndi makina ochapira m'chipinda chapansi, atavala jekete yawo yabulauni, nsapato zili zonyowa. Amayi ankakwera ndi dengu la zovala n'kundiuza modekha, "Bambo ako ali kumusiku, akuti akuzizidwa." Ndikatsika kukasuzumira ndinkangopeza makina akuzungulira ndi fungo la sopo.

Azimayi a kutchalitchi sanagwirizane. Ena ankati ndi masomphenya, ena ankati ndi ziwanda. Mayi wina wa ku Lusaka anangoti, "Ni maganizo chabe, mupumuleko." Malume, amene ankanyamula katundu m'nyumba zosungiramo katundu ku Landover, sanafune zambiri. Anati nyengo yozizira ikatha amayi asanasinthe, awagulira tikiti abwerere kumudzi, ine nditsale ndi iwo chifukwa cha sukulu. Ndinamva ndili kuseri kwa chitseko. Kuyambira pamenepo ndinkagona nditagwira nsonga ya chitenje cha amayi.

Aphunzitsi anali mzungu wokalamba, mayi wokhala yekha, amene kale ankaphunzitsa ku yunivesite. Amayi Chingerezi ankamva pang'ono chabe, ndiye womasulira ndinali ine. Tsiku limenelo aphunzitsi anafunsa chimene amayi awondera chonchi. Amayi anandikodola kuti ndinene, ndipo ndinanena zonse, mpaka za jekete yabulauni.

Aphunzitsi anadzuka. Anakasamba m'manja, kupukuta bwinobwino, ndiye n'kutsitsa bokosi lija. M'katimo munali buku. Sanaliike patebulo chabe, analigoneka pa pilo ngati khanda. Chikuto chake chinali cha matabwa okutidwa ndi chikopa, chokhala ndi zokowera ziwiri zachitsulo, china chothyoka. Linkanunkha ngati thumba la chimanga lomwe lakhalitsa. M'masamba munali timabowo ta njenjete, ndipo zilembo zinali zakuda bii, zothithikana, zoti ngakhale ine wa sukulu sindinatolepo kanthu. Anati ndi Chilatini.

Anatsegula pa chithunzi. Panali mayi wofunda mpango, cholembera chili m'manja, kumwamba kutatseguka, timizere tikutsikira pamutu pake. Aphunzitsi anafotokoza pang'onopang'ono kuti ndithe kumasulira. Mayiyo anakhalako kale kwambiri kudziko lina lozizira. Anali ndi ana ambiri. Mwamuna wake atamwalira ankaona ndi kumva zinthu zimene ena sankaziona, ndipo ansembe anazilemba. Patapita zaka, makina osindikizira atangoyamba kumene, anthu anazisindikiza m'buku limeneli. Anati mabuku otere atsala ochepa padziko.

Amayi anayang'anitsitsa chithunzicho, manja ali kumbuyo. "Uwafunse," anatero, "alongo ake anati chiyani?"

Aphunzitsi anamwetulira. Anati za alongo ake sakudziwa, koma ena ankati mayiyo wazungulira mutu, ena ankayenda mitunda italiitali kudzamumvera.

Apa mpamene mutu wanga unaima. Mayi wa m'bukuyo anaferedwa, amayi anganso anaferedwa. Iye ankaona zinthu, amayinso ankaona zinthu. Nanga bwanji za iyeyo ankazisambira m'manja, pamene za amayi anga zinkachititsa kuti awagulire tikiti? Ndinalibe wofunsa. Mpaka lero yankho lokwanira ndilibe.

M'basi pobwerera amayi anati, "A m'buku aja ndi agogo awo a aphunzitsi."

Ndinati ayi, mayiyo anamwalira zaka mazanamazana zapitazo, ndiponso dziko lake ndi lina.

"Iwe ndiwe mwana. Munthu sasunga mlendo m'bokosi. Waona mmene amawasisitira? Kukhala okhaokha m'nyumba yonse ija, alipo anapita kukawapepesa?"

Sinowo inapitirira, ndipo Lachinayi lotsatira ndinapita nawonso. Amayi anamanga duku wakuda. M'chikwama anaikamo shuga ndi buledi, monga timachitira popita pamaliro. Titafika anavula nsapato pakhomo, koma tsache sanalikhudze. Anapereka shuga ndi buledi uja ndi manja awiri, n'kukhala pansi m'mbali mwa khoma, miyendo atatambasula.

"Uwauze atulutse agogo awo."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinamasulira chapansipansi, maso ali pa kapeti. Aphunzitsi anandiyang'ana, anayang'ana buledi ali m'manja mwawo, anayang'ana amayi. Sindikudziwa chimene anamva. Anakasamba m'manja, nabweretsa buku ndi pilo yake, n'kuliika pa katebulo kakafupi, atatsegula pa chithunzi chija.

Amayi anayamba chapansi, ngati akung'ung'udza nyimbo. "Mayi wanga ine, mwasiya mdzukulu wanu yekha m'nyumba muno." Kenako mawu anakwera, ndipo sindinazindikire pamene anasinthira. Ndinangomva akuti, "Bambo a mwana wanga, mwapita osanditsanzika! Anakufunditsani ndani? Anakutsekani maso ndani ine kulibe?" Analira kulira kwa kwathu, kotulukira m'mimba, kumene ndinali ndisanakumvepo chifikireni kuno. Nyumba ya aphunzitsi inali payokha pakati pa mitengo. Panalibe womenya khoma.

Aphunzitsi anagwira mpando, anatsika movutika ndi mawondo awo aja, mpaka anakhala pansi pambali pa amayi. Sanawaletse. Nawonso misozi inkatsika, ya ndani sindikudziwa.

Tsikulo malume anabwera kudzatitenga chifukwa mabasi sankayenda bwino. Anamva kulira ali panja, n'kulowa chothamanga, akuyesa kuti aphunzitsi amwalira. Anapeza azimayi awiri pansi, buku lili pa pilo, buledi ali patebulo.

"Wamwalira ndani?" anandifunsa monong'ona.

Ndinaloza buku.

Malume anayang'ana bukulo. Kenako anavula chipewa, natuluka, n'kukakhala pa sitepe panja, monga amakhalira azibambo pamaliro. Sitepeyo inali ndi sinowo. Pa windo ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Amayi anagona tulo, mutu uli paphewa langa. Pambuyo pake anawaonabe bambo kangapo, koma ankati, "Avala bwino tsopano." Nyengo yozizira inatha, mitengo inachita maluwa, ndipo za tikiti malume sanazitchulenso. Ine ndinkati buku lija lili ndi mankhwala. Ndinkadzifunsanso kuti kodi maliro aja anali a ndani, poti mayi wa m'buku sitinkamudziwa, bambo anali ataikidwa kale, ndipo malume amene anatseka amayi pakamwa ndi omwe anakhala pa sinowo mutu uli pamtunda. Zimenezi mwana sakanazilumikiza.

Aphunzitsi anamwalira ndili mtsikana, ndipo ndinamva kuti bukulo linapita ku laibulale ina kumene munthu amachita kupempha chilolezo kuti alione. Sindinapiteko. Sukulu ndinalekeza panjira, ndipo pano ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo.

Amayi anamwalira chaka chatha m'fulati mwanga ku Landover. Makoma a kuno ndi opyapyala, ndipo ana anga amaopa ndikakweza mawu. Ndiye Lachinayi lililonse ndikaweruka ndimaimika galimoto kuseri kwa sitolo ina yaikulu, ndimatseka mawindo, ndimawalira amayi mmene iwo analirira tsiku lija. Ndikatha ndimapukuta kumaso n'kupita kukaphikira ana.